Sipidomita ya a Mabauti yandigwilitsa, apongozi ali pambali

A Mabauti a pagalaji ya kuseli kwa msika wa Lundazi, ndikukamba ndi inu. Tikiti ya apolisi ili m'thumba langa ili ndi yanu. Dzina lolembedwapo ndi langa, inde, koma mlandu ndi wanu. Ndipo inu madalaivala anzanga amene mukali kupeleka motoka zanu kwa munthu ameneyu, zimitsani injini mumve.

Ine ndine Yotamu. Ndimayendetsa vaneti ya amalume anga, ija yobiliwila yopanda galasi la kumanzele. Mumaidziwa. Chiyambile kuiyendetsa, sipidomita yake sinagwilepo ntchito. Kamuvi kake kanagona pa zilo ngati kaledzela. Ine liwilo ndinali kulimva ndi makutu ndi matako. Mnzanga wochokela kutsogolo akandiphethila malaiti, ndimadziwa kuti apolisi atchela, ndiponda buleki, ndadutsa mwaulemu, basi. Tonse timapulumuka choncho, tisanamizane.

Nanga ndinafunilanji kuikonza? Chifukwa cha Tiwonge.

Tiwonge ndi mtsikana wa kwa Mwase amene ndifuna kukwatila. Iye anavomela kalekale. Amai ake alibe mau. Vuto linali atate ake, a Mtonga, mlimi wa mtedza, mkulu wa mpingo. Zaka zapitazo lole ina inawagundila ng'ombe ya bele pamsewu, dalaivala osaima. Chichokele tsiku limenelo, kwa iwo dalaivala aliyense ndi chigawenga. Ankhoswe anga atapita kukafunsila, anauzidwa kuti mwana wanga sindingamupeleke kwa munthu amene adzamusandutse wamasiye chaka chisanathe. Ati komanso tamva kuti mnyamatayo ndi wa mtima wapachala. Amene anawauza bodza limenelo ndikadzamudziwa, adzandiona.

Pomaliza a Mtonga anati chabwino, abwele adzanditenge ndi matumba anga a mtedza, andipeleke ku boma, ndidzaone ndekha kayendetsedwe kake. Tiwonge anandipeza pachigayo n'kundinong'oneza.

"Adada manambala amawadziwa. Maso ao sadzachoka pa kawotchi kako ka liwilo. Ukakonze, iwe."

Ndi mmene ndinafikila m'manja mwanu, a Mabauti.

Lolemba ndinakupezani mutakhala pa tayala, mukudya chinangwa chootcha. Ati masipeya kulibe dziko lonse, ndalama zakunja zoitanitsila kulibe, ngakhale ku Lusaka akulila. Ati koma poti ndiwe, komuledi, ubwele mawa. Mawa ndabwela. Ati sipanala yoyenela abweleka a pachigayo, ubwele mawa. Galaji yonseyo sipanala imodzi? Ndinaugwila mtima. Lachitatu ndinapeza sipidomita yonyezimila ili m'malo mwake, galasi lake lopukutidwa ndi malovu. Ati iyi ndi ya ku Ulaya yeniyeni, siinama, osati zapulasitiki za masiku ano. Ndinalipila zonse zimene munanena osatsitsa ngakhale ngwee.

Ndinati tiyeni tikaiyese pamsewu. Ati petulo wavuta, tiwonongelenji? Munakweza matayala a kumbuyo pa jeki, kuliza injini, kulowetsa giya. Kamuvi kananyamuka. Ati waona, kakuyenda, ufunanso chiyani, kavine?

Lachisanu m'mawa ndinafika kwa Mwase nditavala malaya osita. Ndinagwada patali n'kulonjela m'Chitumbuka chao.

"Monile, adada."

"Yewo," anatelo a Mtonga, osandiyang'ana.

Matumba tinakweza. Iwo analowa kutsogolo ndi jekete la ku tchalitchi, chipewa ndi ndodo. Anatulutsa magalasi, kuwapukuta, kuvala, n'kuika maso pa kamuvi ngati mphaka pa una wa mbewa.

Mu msewu wa fumbi ndinaika pa twente. Thupi langa linali kundiuza kuti twente imeneyi yanona. Koma ndikayang'ana, kamuvi kali pa twente. Ndinati kapena makutu anga ndi amene akhala akundinamiza nthawi yonseyi. Nanga si ya ku Ulaya siinama?

Njila yonse a Mtonga anangoti "hmm" kawili.

Tili pafupi kulowa mu tala, tinakumana ndi mai wina wa mumpingo mwao akuchokela ku boma panjinga. Anatiimitsa. Ati ku sitolo ya boma kwabwela shuga ndi sopo, mzele wafika kale pa mtengo wa mango, fulumilani. Nkhope ya a Mtonga inasintha. Munthu wakhala akumwa tiyi wopanda shuga chiyambile dzinja.

Talowa mu tala. Tadutsa chikwangwani.

"Mnyamata, chikwangwani chija chati bwanji?"

"Fifite, adada."

"Nanga apa pali bwanji?"

"Sate, adada."

"Boma lakupatsa fifite, iwe ukutenga sate. Zotsalazo ukusungila ndani? Shuga adikila iwe?"

Apongozi akakamba, munthu uyankha chiyani? Ndinaponda.

Fote. Injini inayamba kuimba nyimbo imene sindinaimvepo. Fifite. Mitengo ya m'mbali inagwilana manja. Galasi limodzi lotsalalo linali kunjenjemela ngati lagwidwa malungo. Nkhuku ina inaoloka msewu pouluka, ndikhulupilila mpaka lelo sinatele. Koma kamuvi kali pa fifite ndendende, osapitilila ngakhale pang'ono. Ine mtima uli mbee. A Mtonga dzanja limodzi lagwila chipewa, lina lagwila chitseko, mano onse panja.

"Kodi fifite ndi yokoma chonchi?"

"Ndi lamulo, adada."

Kutsogolo kunatulukila lole ya fodya. Dalaivala wake kundiphethila malaiti, kuphethilanso, kutulutsa mkono wonse pawindo, kuloza pansi. Mkulu wanga, ngati mukuwelenga, pepani. Munachita mbali yanu. Ine ndinakukwezelani dzanja ngati nduna ikudutsa pamsonkhano.

"Akuti chiyani ameneyo?"

"Akuti kutsogolo kuli apolisi, adada."

"Ndiye?"

"Ife sizitikhudza. Tili m'lamulo."

"Wakamba bwino."

Mukumva? Wakamba bwino. Mau oyamba okoma kuchokela kwa atate ake a Tiwonge. Ndisanawameze n'komwe, matayala anati gu, gu. Zingwe ziwili zakuda zija apolisi amayala pa tala, zolumikiza ku kabokosi kao koyezela liwilo. Sajeni anatumphuka pamthunzi, dzanja m'mwamba. Ndinaponda buleki. Matumba a mtedza anabwela kudzagogoda kumsana kwathu. Tinakaima kutali, moti sajeniyo anayenda kamtunda ndithu kuti atipeze.

Anafika akupukuta thukuta.

"Bwana pailoti, ndege iyi ikatela kuti?"

Ati eyite. Eyite pamalo a fifite, pafupi ndi sukulu.

Anzanga, mumandidziwa. Magazi anakwela mpaka m'makutu. Mau amene anafika pakhosi panga sindingawalembe pano, amai anga amapemphela. Koma pambali panga pakhala ndani? Ndinameza. Ndinatsika, kuvula kapusi, kuomba m'manja.

"Abwana, pepani, kamuvi kanga kanali pa fifite."

Ine Yotamu, kuomba m'manja pa tala. Ndikali choncho ndinamva chitseko cha mbali ina chikutseguka. A Mtonga atsika, ndodo patsogolo.

"Iwe ndiwe mwana wa ndani?"

"Adada, dekhani," anatelo sajeni.

"Ndidekhe chiyani? Kuchokela pakhomo panga maso anga awa sanachoke pa kamuvi. Fifite. Ine mkulu wa mpingo ndinganame chifukwa cha dalaivala? Dalaivala? Kabokosi kanuko kamwa kachasu. Kayeseni kaye ikoko musanayese anthu."

Ndodo ili m'mwamba, ikuloza kabokosi, ikuloza sajeni, ikuloza kumwamba kwa Mulungu. Ana a sukulu anasonkhana kumpanda. Ndipo tamvani, ndine amene ndinagwila mkulu uja pamkono n'kumati, "Adada, chonde, mtima pansi. Tiyeni tikambe bwinobwino." Chikhala anzanga a pamsika anandiona, akanati ndalodzedwa.

Sajeni analowetsa mutu m'vaneti. Anayang'ana sipidomita. Kenaka mapewa anayamba kugwedezeka. Anaitana mnzake wa pa kabokosi kuti bwela udzaone. Onse awili kuseka mpaka kugwila mawondo.

Anandionetsa tizilembo titatu pansi pa kamuvi, tating'ono ngati nyelele: MPH. Ati sipidomita iyi iwelenga mamailosi, muyeso wa nthawi ya azungu. Zikwangwani za boma ziwelenga makilomita. Mailosi ndi yaitali, kilomita ndi yaifupi. Fifite ya kamuvi kako ndi eyite ya pamsewu.

"Sukulu unalekela pati, mphwanga?"

"Giledi faifi, abwana."

"Ndiye unaziphonya ndi chaka chimodzi chabe."

Ndinaganiza kuti poti aseka, andikhululukila. Ati nkhani yako ndi yomveka, ine ndaseka, koma kabokosi sikaseka. Analemba tikiti uku akupukuta misozi. Pamene tinafika ku sitolo, mzele unali utamwazika. Shuga watha, sopo watha. Panatsala machesi.

Kuchoka pamenepo, molunjika kugalaji, a Mtonga akali pambali panga. A Mabauti, mukukumbukila zimene munayankha? Ndikukumbutseni, anthu amve.

Ati kodi kamuvi sikayenda? Kakuyenda. Ati kodi unandiuza kuti ufuna ya makilomita? Nanga pogula nsapato munthu amachita kunena kuti ndifuna ya kumanja ndi ya kumanzele? Ndinafunsa kumene munaitenga. Munaloza ndi chibwano chigalimoto chakufa chili kuseli kwa galaji, chija nkhuku zanu zimaikilamo mazila. Ati chinali cha mzungu wa fodya, chinasiya kuyenda ufulu usanabwele. Ya ku Ulaya yeniyeni, eti?

Ati vuto palibe, uzingochita masamu, ukaona sate uzidziwa kuti ndi fifite. Masamu ndili pa sitelingi, mbuzi zikuoloka, njinga zikupepeluka? Ndikanadziwa masamu ndikanakhala dalaivala wa vaneti ya amalume? Ati ndalama sitibweza, malamulo a kampani. Kampani iti? Inu, jeki ndi nkhuku?

Apa mtima unali utafikanso m'makutu. Ndinatsegula pakamwa. Koma a Mtonga anandipambana liwilo. Ndodo inagwa pa mgolo wa oilo, nkhuku zonse kubalalika.

"Mwachititsa manyazi mkweni wanga pamaso pa ana a sukulu. Mwandimanitsa shuga. Ndiye mukuti masamu?"

Zimene anakamba pambuyo pake sindinazimve bwino. Ndikudziwa kuti anatchula tcheyamani wa wadi, mkulu wa dela lino, kuti ndi mwana wa mlongo wao, ndipo inu a Mabauti munayamba kuti adada, adada, tiona sabata yamawa. Ine khutu langa linaima pa liu limodzi. Mkweni. Kwa amene Chitumbuka chinakupitani, ndiye kuti mkamwini. Mkweni wanga, pamaso pa anthu, pagalaji.

Pobwelela ndinayenda pa sate, thukuta lili kamukamu. Titafika, a Mtonga anakhala pampando wao, naitana amai ake a Tiwonge. Ine ndili chogwada patali, ndikumva.

"Mnyamata uyu ndi wofatsa. Apolisi kumuseka, iye kuomba m'manja. Wagalaji kumuyankha zachipongwe, iye chete. Ine ndi amene ndinapsa mtima, iye n'kumandigwila. Amene anati ndi wa mtima wapachala ndi wabodza. Ankhoswe ake abwele."

Tiwonge anali kuseli kwa nkhokwe akusenda mtedza. Anaseka mpaka lichelo linagwa.

Tsono a Mabauti, musaganize kuti poti zandiyendela ndiye kuti mwapulumuka. Mkazi ndapeza ndi ulemu wanga, osati ndi sipidomita yanu. Sabata yamawa munanena ija yakwana dzulo. Ndinabwela, ati mwapita ku malilo. Mwana wanu anati muli m'nyumba mukugona. Malilo ake ndi a ndani, a sipanala?

Ndifuna sipidomita ya makilomita, yoyesedwa pamsewu, inu mutakhala pambali panga. Ndifuna faindi ya tikiti iyi ichoke m'thumba lanu, chifukwa amalume ati idulidwa pa malipilo anga, ndipo malipilo amenewo ndi a malowolo. Ndifunanso mundiuze kuti chigalimoto chakufa chija mwachotsamo zingati zimene zili m'motoka za anthu. Mabuleki a ndani ali a nthawi ya azungu?

Inu madalaivala, lelo lomwe welamani muyang'ane tizilembo tili pansi pa kamuvi kanu. Mukaona MPH, dziwani kuti mukuyenda m'dziko limene linatha. Ndipo mnzanu akakuphethilani malaiti, pondani buleki ngakhale mutakhala oyela ngati m'busa. Kukweza dzanja musiyile ine, ndinalipila kale.

Chotsala ndi chimodzi, a Mabauti, ndipo ichi simuchithawa. A Mtonga za mamailosi sanazivomele mpaka lelo. Ati kabokosi ka apolisi ndi kamene kanaledzela, iwo fifite anaiona ndi maso ao ndipo anaikonda. Auza kale mudzi wonse kuti tsiku la ukwati adzakhala kutsogolo, ndipo mkweni wao adzaika pa fifite yomwe ija ya lamulo. Ndiye mukaika sipidomita yabwinoyo, mukwele njinga yanu mupite kwa Mwase, mukawafotokozele nokha chifukwa chake fifite yayamba kukwawa.

Ndodo yao mwaiona. Ine ndi apongozi sititsutsana.