Makina a Atelala pa Okushoni

Dzina lawo lenileni linatha kalekale ngati sopo. Aliyense amangoti a Zakale, chifukwa moyo wawo wonse agulitsa zimene anzawo anatopa nazo: mawailesi a mabatire, nsimbi za makala, mawotchi a pakhoma oyenda akafuna. Anayamba ali mnyamata, atayala thumba m'mbali mwa msewu. Kenako anapeza benchi mumsika, n'kukhalapo mpaka imvi zinabwera. Msika uja anadzaugwetsa kuti amange wamakono, ndipo mu wamakonowo munalibe malo a munthu wogulitsa dzimbiri.

Katundu yense anasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, momwe kale munkagona ana. Mwana wawo wamkazi popita ku banja anawasiyira foni, atawaphunzitsa kujambula chinthu ndi kuchiika pa intaneti. Ntchito yawo inasanduka imeneyo: kupukuta fumbi, kukokera chinthu pafupi ndi zenera, kujambula, kufufuta, kujambulanso. Kenako kumayankha anthu ofunsa kuti "Chilipo?" amene ukawauza kuti chilipo amangoti zii. Msika unkatopetsa miyendo, koma foni inkawatopetsa mtima.

Chimene ankachisowa kwambiri ndi kunenerera. Kwa iwo malonda anali macheza. Iwe utchule mtengo wa kumwamba, wogula agwire kumutu, uchotseko, iye awonjezeko, mpaka mukumane pakati mukuseka. Ndipo kumva mtengo sikunali kugulitsa ayi. Munthu ankatha kutchula wake, iwe n'kupukusa mutu, katundu n'kukhala pomwepo, palibe mlandu.

Ndiye kunatulukira kampani ina ya okushoni ya pa intaneti, komwe ogula amapikisana kukweza mtengo mpaka nthawi yoikika itakwana. Inali ndi mtsikana wosaka ogulitsa, amene uthenga wake uliwonse unkayamba ndi "Mwayi wanu uwu, bambo!" moti akazi awo a a Zakale anangomutcha Mwayiwanu. Ankaimba munthu akusamba, ankaimba munthu akudya. Sanali wamwano, ndipo m'mawu ake munkamveka kuti nayenso ali ndi bwana pamsana. A Zakale analola kuti angopuma. Anaikako tinthu ting'onoting'ono, ndipo tinene zoona, tinayenda bwino. Posakhalitsa malonda awo onse anali pa tsamba la kampaniyo, kwina konse kutauma.

M'kachipinda muja munali makina osokera akuda, opukusa ndi dzanja, akale koma amoyo. Amenewa anali ndi mwini kale. Mumsewu mwawo munali mayi wina wamasiye, telala, wosoka pakhonde la golosale, amene makina ake anayamba kudumpha ulusi mpaka okonza anakweza manja. Tsiku lina anabwera, n'kuyesa makina akuda aja pa kansanza, ndipo ananenerera masana onse mpaka a Zakale anamva ngati abwerera mumsika. Anagwirizana kuti adzawatenga akamaliza mayunifolomu amene anali nawo m'manja n'kulandira malipiro ake.

"Musadandaule, achemwali," anatero a Zakale. "Ndakusungirani."

Tsoka sasimba. Pojambula wailesi ina, makina aja anaonekera kumbuyo, ndipo maso a Mwayiwanu sanawaphonye.

"Bambo, makina akuda ali kumbuyo kwa wailesiyo," anatero pafoni. "Anthu akuwafuna heve masiku ano, amaika pabalaza pokongoletsa."

"Ali ndi mwini amenewo, mwana wanga."

"Analipira?"

"Ndinawalonjeza."

"Ingoikani muone mmene anthu awakondere. Mudabwa, ndikukuuzani."

Mwayiwanu anaimbanso tsiku limenelo, anaimbanso mawa lake, ndi mkuja womwe. A Zakale analola, mwina chifukwa chotopa, komanso tisawabisire, ankafuna kumva kuti chinthu chawo anthu achitchula bwanji. Mumtima ankati kumva mtengo n'kumva basi, ndikamva ndiwachotsapo. Panali timalemba ting'onoting'ono tofunika kuvomereza, ndipo anadina osawerenga monga timachitira tonse.

Mtengo unayamba kukwera. Ukati uime, wina n'kuwonjeza, winanso n'kumukwera pamwamba. A Zakale anaonetsa akazi awo akuseka.

"Taonani misala ya anthu! Makina oika pabalaza!"

"Nanga si a atelala amenewo?" anafunsa mayiwo akuchapa.

"Ndikungomva chabe."

"Mwafunsa kuti kumeneko amalola kungomva? Safunsa anadya phula, bambo."

Sanafunse. Nthawi itakwana, uthenga unabwera wowayamikira kuti makina agulidwa, wogula walipira kale ku kampani ndipo adzabwera kudzatenga yekha. Dzina la wogulayo linali la pa intaneti, losasonyeza kuti ndi ndani. A Zakale anaimbira Mwayiwanu, koyamba iwo kukhala oimba.

"Mwana wanga, pali kulakwitsa. Ine sindinavomere mtengo wa munthu."

"Munavomera pamene munaika, bambo. Kuno nthawi ikatha, katundu wapita."

"Ndiye ndikukana."

Mtsikana uja anapumira m'mwamba. "Mukakana akutsekerani tsamba, ndipo ine ndilibe mphamvu yolitsegula. Pepani, ndimayesa mukudziwa."

Tsamba limenelo ndiye linali benchi lawo lomaliza. Pa msinkhu wawo akanayalanso thumba m'mbali mwa msewu uti? Anakhala pa mpando pakati pa dzimbiri lawo, manyazi atawagwira. Moyo wawo wonse sanalemere, koma palibe amene anawanenapo kuti mawu awo ndi mphepo. Pokagula mayunitsi a magetsi madzulo ake anazungulira njira yaitali kuti asadutse pakhonde la golosale, ndipo panjira ankayeseza mawu oti adzawauze atelala, onse osakoma.

M'mawa mwake anamva wilibala ikulira pakhomo. Atasuzumira anaona atelala, tepi yoyezera ili m'khosi. Ndiye kuti amaliza mayunifolomu, abwera kudzatenga zawo.

"Achemwali, lowani mukhale pansi," anatero. "Pali nkhani yovuta pang'ono."

Mayiwo sanalowe. Anatulutsa foni, n'kuwaonetsa uthenga wa kampani. Dzina lija linali lomwelo.

"Ndabwera kudzatenga katundu amene ndapambana."

A Zakale anangoti kukamwa yasa. "Inu? Munali inu?"

"Kasitomala wanga ndi amene anandionetsa chithunzi. Ndinawazindikira ndi pogwirira paja posupuka penti. Ndinati kapena mtengo wanga unawachepera achimwenewa, koma akuchita manyazi kundiuza. Ndiye ndinalowa nawo. Ndikaika, wina n'kukweza. Ndikaika, wina n'kukweza. Mipukutu yanga ya nsalu ndagulitsa yonse kuti ndisagonje, chifukwa popanda makina ine ndidya chiyani?"

Analankhula mosakweza mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinapweteka kwambiri. Akanakhala kuti awatukwana zikanakhalako bwino.

"Ndinalakwitsa, achemwali. Ndimangofuna kumva. Kampani ikandipatsa, za pamwambazo ndikubwezerani zonse, tibwerere pa mtengo wathu uja."

"Zisungeni. Mwazigwirira ntchito."

Analowa okha m'kachipindamo, n'kunyamula makina aja molemedwa. A Zakale anati agwire mbali ina, koma mayiwo anatembenuka nawo. Anawakhazika mu wilibala pa chiguduli, n'kumanga ndi chingwe, osafulumira.

"Chonde, nenereranikoni ngakhale pang'ono," anatero a Zakale. "Tchulani wanu, ine nditsitse."

Atelala anagwira zogwirira za wilibala, n'kuwayang'ana koyamba m'maso.

"Ndinanenerera kale masana onse, bambo. Munthu amanenerera kwa amene akumudziwa."

Anakankha wilibala n'kutuluka pa geti.