Mang'ina a Lachisanu ku Zengeza 3

Kulikonse kumene ndingamve fungo la ubweya wopsa, m'maso mwanga mumabwera agogo anga aamuna, a Phiri. Lachinayi madzulo agogo aakazi, aNankhoma, ankasonkha moto kuseri kwa nyumba yathu ku Zengeza 3, kunja kwa mzinda wa Harare, pakati pa mtengo wa mapeyala ndi mpanda wa waya, n'kuyamba kuwawula mang'ina a ng'ombe. Utsi wake unkalowa m'zovala zoyanika, m'tsitsi, ngakhale m'makope anga a sukulu, ine nditanjuta pambali ndi mpeni wobuntha, kupala mwaye mpaka chikopa chiyere. Kukacha mang'inawo ankakhala pamoto tsiku lonse pamodzi ndi nyemba, chivundikiro chikunjenjemera, mpaka mafupa atalekana okha.

Chakudyacho chinali cha agogo aamuna ndi anzawo awiri, a Mwale ndi a Banda. Atatuwa anachoka ku Dedza ali anyamata n'kubwera m'dziko lino, nagwira limodzi ntchito ya fodya pa famu ina, kenako mmodzimmodzi n'kulowa m'tauni. A Mwale ankayendetsa basi. A Banda anali telala pakhonde la sitolo ku Makoni. Agogo ankagwira ntchito ku fakitale yoluka nsalu, ndipo ankabwera kunyumba thonje lili m'tsitsi ndi m'nsidze ngati imvi zofulumira. Lachisanu akaweruka, onse ankabwera molunjika kwathu ndi zovala za kuntchito. Limeneli linali lamulo la agogo. Tsiku lina a Banda anayamba adzera kwawo kukasamba, agogo n'kuwaimitsa pakhomo.

"Pano munthu amadya akununkha ntchito," anatero. "Sopo mukadyere kwanu."

Mayi anga ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Harare, kubwera kamodzi pamwezi, choncho ine ndinakulira m'manja mwa agogo. Ntchito yanga Lachisanu inali kugwada ndi beseni ndi jagi, kuthira madzi m'manja mwa akuluakuluwo. Chichewa chawo ndinkachimva chonse, koma akandifunsa ndinkayankha m'Chishona, a Banda n'kumaseka kuti a Phiri akulera kamwana ka eni dziko. Kusukulu ndinali Tendai. Agogo okha ndi amene ankanditchula Thoko.

Ndinali m'giredi yachisanu pamene ndinaona zimene sindinkayenera kuona. Tsiku limenelo tinaweruka msanga, ndipo mnzanga wa m'kalasi anandipempha kuti ndimuperekeze ku msika wa Chikwanha, kumene mayi ake anamutuma. Ndi kutali ndithu kuchokera kwathu, ndipo anthu a mu msewu wathu sankapitako kawirikawiri. Pafupi ndi malo otsitsira katundu panaima lole ya mbatata, amuna akutsitsa matumba pamsana. Mmodzi wa iwo anali wachikulire, khosi litapindika, ovololo yabuluu ataimanga m'chiuno.

"Havasi sekuru vako here avo?" mnzanga uja anafunsa, kutanthauza kuti kodi si agogo ako awo.

Anali iwo. Mayi wina wogulitsa mbatata ankawakalipira kuti, "Iwe achimwene, kurumidza!" kutanthauza kuti fulumira. Kwathu mawu akuti achimwene ndi aulemu, koma m'kamwa mwa mayiyo anali chitonzo cha anthu ochokera ku Malawi. Agogo, munthu amene kunyumba palibe ankayerekeza kumufulumizitsa, anayankha kuti "Hongu, amai," ndiye kuti inde mayi, n'kuyamba kuthamanga ndi thumbalo. Nkhope yanga inatentha ngati ndayandikira mbaula. Atatula thumba, anadzutsa mutu, maso athu n'kukumana.

Anabwera pang'onopang'ono akupukuta manja pa ovololo. Mnzanga anawapatsa moni n'kusuntha.

"Thoko, wandiona," anatero. "Mbali yathu ku fakitale anaitseka. Zimenezi zikhale m'maso mwako, zisatsikire pakamwa. Agogo ako aakazi mtima wawo ndi wofooka."

Ndinagwedeza mutu. Anandisisita paphewa, dzanja lawo n'kusiya dothi lofiira pa yunifolomu yanga, n'kubwerera ku lole.

Kuyambira pamenepo Lachisanu linasanduka tsiku lolemera. M'mawa uliwonse agogo ankavala ovololo yochapa bwino, kutenga kachitini ka chakudya, n'kutuluka nthawi yomwe ija ngati akuthamangira geti. Lachisanu ankakhala pampando wawo wa pafupi ndi zenera n'kumasimba za kapitawo wovuta ndi makina othyola ulusi, nkhani zakale zimene ankangozisintha malekezero. Anzawo ankaseka. Ine pothira madzi ndinkaona zikhatho zong'aluka ndi zingwe za matumba, ndipo sindinkatha kuwayang'ana kumaso. Iwonso sankandiyang'ana. Tinkachitirana manyazi ngati anthu awiri amene akumana kumalo kosayenera.

Ndiye kunabwera a Mbewe. Amenewa anali munthu wachinayi pa gulu la anyamata a ku Dedza aja, koma iwo anatsalira pa famu cha ku Chegutu, ndipo panali patapita zaka zambiri asanaonane ndi anzawo. Ntchito ya pa famu itawathera, anabwera kudzakhala ndi mwana wawo ku Unit D, dera lina la m'tauni yathu yomweyi. A Mwale ndi amene anakumana nawo m'basi n'kuwaitanira ku chakudya cha Lachisanu. Agogo atamva, anagula mang'ina ochuluka kuposa masiku onse ndi chigubu cha mowa wamasese. Ine ndinkadziwa kuti zonsezo zatuluka pamsana pawo.

A Mbewe anafika dzuwa lili pafupi kulowa, atavala jekete lalikulu kuposa thupi lawo, m'khwapa atapanira nkhuku yathadzi yomanga miyendo. Anakumbatirana pakhomo, kugwirana mapewa, kuyang'anana mano amene anatsala. Nkhuku anaiika pansi pa mpando. Atasamba m'manja, nkhani zinayamba kutuluka mosadikirana: ndani anamwalira, ndani anabwerera kumudzi n'kupeza munda atalanda abale, ndani anakwatira kachiwiri atakalamba. Anakumbutsana za tsiku limene a Banda anagona m'chigafa cha fodya, fodya n'kupsa, onse anayi n'kukana pamaso pa mwini famu kuti sakudziwa kanthu. A Mbewe anaseka mpaka kutsokomola. Agogo nawonso anaseka kuseka kwenikweni, kumene ndinali ndisanakumve kwa nthawi yaitali, mafuta a mang'ina akunyezimira m'zala zawo. Ndinaima pakhomo la kukhitchini n'kumaganiza kuti mwina tsikuli lidutsa bwino.

Kenako a Mbewe anapukuta pakamwa, nasendera kutsogolo kwa mpando.

"A Phiri, achimwene anga, ine ndabwera ndi pempho. Mwana wanga Yosefe ali pakhomo chabe, ntchito palibe, mkazi wake ndi woyembekezera. Ndamva kuti inu ku fakitale kuja ndinu munthu wakale. Mulowetseniko, ngakhale kosesa."

"Tiona," anatero agogo, maso ali m'mbale.

"Palibe zoona apa," a Banda analowerera mokondwa. "A Phiri akalankhula, mabwana amamva. Si paja munatiuza sabata yatha kuti kapitawo sachita kanthu osakufunsani?"

A Mbewe anawomba m'manja mwaulemu. "Ndiye ndamuuza kale mpongozi wanga kuti asade nkhawa. Kankhuku aka n'kongothokozera. Lolemba mnyamatayo afike pageti nthawi yanji?"

Agogo anali atagwira fupa. Analiyang'ana, nalitembenuza, naliika pambali pa mbale. Kenako anadzutsa maso n'kuyang'ana ine, koyamba chichokereni ku Chikwanha. Sindikudziwa chimene anaona pankhope panga. Ndinkangofuna pansi patatseguka.

"Achimwene, mwanayo musamutumize," anatero ndi mawu otsika. "Geti limenelo ine ndinalituluka mvula isanayambe. Panopa ndimasenza matumba ku Chikwanha."

Kunja kunkamveka wailesi ya oyandikana nawo ndi ana akusewera mpira wamapepala mumsewu. Nkhuku inagwedezeka pansi pa mpando.

A Mwale anavula kapusi yawo ya ku basi n'kuiika pabondo. "Ndinakuonani," anatero. "Ndili pachiwongolero, ndinakuonani thumba lili pamsana. Ndinatembenuzira nkhope kumbali. Lachisanu lake ndinabwera kuno n'kudya nyama yanu, osanena kanthu."

A Banda anakankha mbale yawo. "Ndiye mwakhala mukutidyetsa msana wanu, ife n'kumapempha msuzi wowonjezera? Mwationa ngati ndife ndani, a Phiri? Tinagona chigafa chimodzi ife."

"Ndinkaopa kuti mukadziwa muleka kubwera," agogo anayankha. "Kapena muzibwera mondimvera chisoni. Sindinkadziwa choipa kwambiri n'chiti."

A Mbewe anangoyang'ana pansi pomwe panali nkhuku yawo, ngati iwo ndi amene alakwa pobwera ndi pempho.

Pamenepo agogo aakazi anandidutsa pakhomo paja, chitenje atachimanga kolimba, n'kuima pakati pa chipinda. Nthawi zonse amuna akamadya iwo sankalowamo.

"Ovololo imeneyo ndimachapa ndine," anatero. "Thonje linaleka kalekale kutuluka m'matumba mwake. Mumatuluka dothi la mbatata."

Agogo aamuna anawayang'ana kukamwa kuli yasa. "Ndiye bwanji simunanene, aNankhoma?"

"Ndinkadikira mwini nkhani." Anabweza mbale ya a Banda pamalo pake. "Idyani, bambo. Nkhuni zapsa kale, manyazi sazibweza."

Anadya, koma mwakachetechete, aliyense maso ali pa dzanja lake. Agogo aamuna sanakhudzenso chakudya. Potsanzikana a Mbewe anatuluka msangamsanga n'kuisiya nkhuku pansi pa mpando. Agogo anaitola n'kuwathamangira mumsewu, ndipo kumeneko akuluakulu awiri anaima n'kumakankhirana nkhuku, uyu akuti tengani sindinaigwirire ntchito, uyo akuti mphatso sibwerera, nkhuku ikukupiza mapiko, anthu a m'nyumba zoyandikana atatsamira mipanda kuonerera. Ine ndinabisala kuseri kwa chitseko. Mapeto ake agogo aakazi anapita n'kuwalanda onse awiri.

"Idyedwa Lachisanu likubwerali," anatero. "Mubwere nonse."

Anabweradi onse. A Mwale anabwera ndi ufa, a Banda ndi tomato ndi anyezi m'kapepala, ndipo kuyambira pamenepo aliyense ankabwera ndi kanthu m'manja. Agogo aamuna sankakondwera nazo, ndinkaona mmene ankayang'anira kumbali zinthuzo zikamaperekedwa kukhitchini, koma sanakane. Analeka kuchoka ndi ovololo yochapa bwino ija. Ankafika ndi malaya ofiira dothi n'kukhala pampando wawo. Nkhani zawo zinachepa. Ku fakitale sanabwererenso. Patapita miyezi, a Banda anawapezera chingolo chokankha kwa munthu wina wa ku Makoni, ndipo Yosefe, mwana wa a Mbewe uja, anayamba kukankha nawo. Awiriwo anagwira limodzi mpaka miyendo ya agogo itayamba kutupa.

Za ku Chikwanha sitinakambiranepo, kupatula kamodzi ndili wamkulu kale, iwo akudwala, ine ndikuwasisita mapazi ndi mafuta. Anangoyamba okha.

"Unasenza katundu wanga uli mwana, Thoko. Sindinachite bwino. Matumba aja ndinkawatula madzulo. Bodza ndinkagona nalo."

Lero ndimakhala ku Manyame Park ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Harare. Lachisanu lomaliza la mwezi, tikaweruka, timakumana ndi anzanga atatu a ku sekondale pamalo ena owotcha nyama ku Makoni. Timalankhula Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, ndipo ukafunsa aliyense amati zinthu zili bwino. Chaka chatha mmodzi wa iwo, Rudo, anayamba kusimba zambiri za ku ofesi kwake, za bwana watsopano, za misonkhano yosatha, koma nyama ankangoitola pang'ono, ndipo phewa lake la kumanja linali ndi mkwingwirima wa lamba wa chikwama cholemera. Nkhope yanga inatentha. Ndinadziwa kuti ndikhoza kuseka nawo nkhanizo n'kupita kunyumba.

Pagulu sindinanene kanthu. Tikupita kokwerera makombi, maminibasi a kuno, ndinamugwira mkono n'kumuuza kuti ndaona, ndipo kuti kwa ine sayenera kuvutika kupeka nkhani. Anachotsa dzanja langa mwaukali n'kukwera kombi osatsanzika. Mwezi wotsatira sanabwere, ndipo ndinadziimba mlandu kuti mwina ndamuthamangitsa.

Mwezi winawo anafika mochedwa, thukuta lili pamphumi, atanyamula chikwama chachikulu cha zovala zakaunjika zimene amayenda nazo m'maofesi kugulitsa. Sanachibise pansi. Anachiika patebulo, pamaso pa tonse, n'kukhala. Tinasendeza mbale kuti chikwane.