Bulu wa pa Chipilala

Zikwangwani zonse za pamsika ndi dzanja la a Zilembo: cha wometa, cha wogulitsa nyama, ngakhale cha sing'anga uja amati amabweza katundu wobedwa. Munthu wake wamfupi, zala zosaumapo utoto, ndipo akaona dzina lolembedwa mokhota amapsa mtima ngati mwamutukwanira makolo. Ndiye komiti itamanga chipilala pafupi ndi sukulu chokumbukira anthu a m'mudzimo amene adapita ku nkhondo yaikulu ija, ntchito yolemba mayina idagwera iwowo.

Atauona mndandanda wa mayinawo, magazi adawira. Dzina la agogo awo, bambo wa mayi awo, munalibe.

Chifukwa chake ankachidziwa bwino. Agogowo adapita kunkhondo atasiya mkazi ali woyembekezera, ndipo sadabwerenso. Mnzawo wina amene adabwerako adangonena kuti adawaona komaliza akutuluka mumsasa akukoka bulu wodulidwa khutu. Pakamwa pa anthu nkhani idakula yokha: adaba bulu wa asilikali n'kuthawa. Adawapatsa dzina loti Liwiro, ndipo mwana wobadwayo, mayi a a Zilembo, adakula akutchedwa mwana wa Liwiro kuchitsime, kusukulu, mpaka pa tsiku la ukwati wawo. Lero ndi nkhalamba yoyendera ndodo, koma alipo anthu osowa chochita amene amawaitanabe choncho.

A Zilembo adapita kwa wapampando wa komiti, bambo wokonda jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Iye adati chipilala si khoma la golosale loti aliyense n'kulembapo zake. Dzina lililonse likhale ndi pepala la boma. Pepala palibe, dzina palibe.

Adatseka shopu, n'kukwera basi kupita kumzinda, kunyumba yosungira zikalata zakale. M'chipindamo munkanunkha fumbi ndi mankhwala ophera chiswe. Mayi wa pakauntala adawalanda cholembera n'kuwapatsa pensulo, n'kuwauza kuti asanyowetse chala ndi malovu potsegula masamba. Adawabweretsera mabokosi omanga ndi zingwe. M'menemo akuluakulu a nkhondo adalembedwa bwino, mayina onse, ndi nyenyezi za pamapewa pawo. Anthu ngati agogo awo adangowawerenga ngati matumba: onyamula katundu akutiakuti adafika, akutiakuti adachepa. Adachepa! A Zilembo adaluma mano mpaka nsagwada kuwawa.

Atatopa adamufotokozera mayi uja za bulu wodulidwa khutu, mwamanyazi, poganiza kuti aseka. Sadaseke. Adalowa mkati n'kutuluka ndi buku la dokotala wa ziweto za asilikali.

Buluyo analimo. Anali ndi dzina, ndi nambala, ndi tsamba lakelake. Adalemba msinkhu wake, mtundu wa ubweya, khutu lamanzere lodulidwa, tsiku limene adadwala m'mimba ndi mankhwala amene adamumwetsa. Kumapeto adalemba kuti adatumidwa kukatunga madzi a ovulala, bomba lidagwa panjira, mwendo udathyoka, dokotala adayesetsa koma zidakanika, adamuwombera kuti asazunzike, ndipo adamukwirira pansi pa mtengo. Pansi penipeni, ndi tizilembo topanikizana chifukwa malo adatha, padali mawu akuti womukoka nayenso adafa.

A Zilembo adatembenuza tsamba kuti mwina dzina lili kuseri. Kuseri kudali bulu wina.

Basitu, ndi zokhazo zimene munthu adasiya padziko: kamzere ka kunsi kwa mbiri ya bulu. Adafa akutungira anzake madzi, ndipo amene adamutuma adapeza nthawi yoyeza msinkhu wa chiweto koma osati yofunsa dzina la munthu, kapena yotumiza mawu kwa mkazi wake. Mkaziyo adafa akuweramitsa mutu pamaso pa anthu. Ndi zonyansa, palibe mawu ena.

Adajambulitsa tsambalo n'kubwera nalo kwa wapampando. Iye adavala magalasi, adawerenga mpaka pansi, n'kunena kuti nkhaniyo ndi yomvetsa chisoni ndithu, koma pepalali likutsimikiza za bulu, osati za munthu. Womukokayo akhoza kukhala aliyense. Lamulo ndi lamulo.

A Zilembo adatenga chitini cha utoto wakuda n'kupita kuchipilala. Adalemba mayina onse a pamndandanda mosamala monga mwa ntchito yawo, ndipo pakati penipeni, ndi zilembo zofanana ndi za ena onse, adalemba dzina la bulu uja, nambala yake, ndi mawu akuti bulu, kuti wina asakayike.

Pofika masana anthu adadzaza pasukulupo. Ena ankaseka, koma amene mayina a makolo awo adagundana ndi la chiweto sankaseka. Wapampando adafika thukuta lili kamukamu m'jekete lake, n'kulamula kuti zamisalazo zifufutidwe msanga.

“Mudati aliyense akhale ndi pepala,” adatero a Zilembo, burashi ili m'manja. “Uyu ali nalo, tsamba lathunthu. Pa onsewa ndani winanso ali ndi tsamba lathunthu?”

Kenako adawerenga pepalalo mokweza, kuyambira khutu lodulidwa mpaka kamzere komaliza. Kuseka kudatha. Amene ankatchula dzina la Liwiro dzulo lomwe adayamba kuyang'ana zala zawo zakumapazi. Wapampando adatsokomola, n'kunena kuti chabwino, dzina la mkuluyo lilembedwe, bola la bulu lichoke.

A Zilembo adanyowetsa kansalu ndi palafini. Asadakhudze khoma, ndodo idawagogoda pamkono. Anali mayi awo, amene mdzukulu adawatsogolera kuchokera kunyumba. Kuwerenga sadziwa, choncho adafunsa kuti dzina la buluyo ndi liti, ndipo atawalozera adaligwira ndi chala, utoto n'kuwamata.

“Usafufute,” adatero. “Ameneyu yekha ndiye sadawanamizire bambo anga. Iwo uwalembe pamwamba pake.”

Adatembenukira kugulu lija, n'kutchula dzina la bambo awo lenileni pang'onopang'ono, kuti mwana wawo asalakwitse chilembo, ndiponso kuti ena onsewo alimve.