Tsiku la Anakubala m'Chigafa

Kwathu kuno ku Chulu mbiri imathamanga kuposa njinga yopanda mabuleki. Chaka chatha, mitengo itangoyamba kuphukira masamba ofiira, inamveka yakuti a Fainess, mlezi wa ana kumkombaphala kwathu, apeza chibwenzi ku esiteti. Akuti mbandakucha ankatsetserekera kudambo, ndipo ena anawapeza ataima m'chigafa chopanda fodya ndi a Tobias, kapitawo wa pa esitetipo, onse maso ali kudenga. Anthu amvekere, akuluakulu awiri kuyang'ana denga masana, pali nkhani.

Kudambo ankapitadi. M'chigafa anaimamodi. Zinazo ndi mchere wothira anthu.

A Fainess ndi mayi wamfupi wa mawu otalika. Akaitana mwana kusukulu, amayankha ndi wa mudzi wina. Sukulu analekezera Fomu 2, nakwatiwa ndi a Amosi, munthu wofatsa moti ngakhale nkhuku sizimuthawa. Ulezi anauyamba mongodzipereka, ndipo chibwerere ku maphunziro ku boma anatenga matenda a masiku. Kukhale tsiku la madzi, ana onse ku mjigo. Tsiku la mwana wa mu Afirika, ana avala zisoti zamapepala. Tinawatcha a Kalendala, iwo n'kumavomera.

Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi ana a matenanti, anthu ochokera ku Phalombe ndi kwina odzalima fodya pa esiteti. Lamulo la komiti ya mkombaphala linali lakuti mwana alowe pokhapokha amake azibwera m'mawa kudzaphika phala pa tsiku lawo. A Feggie, apampando, lamuloli ankaligwira ngati ndi la khumi ndi chimodzi la Mose. Koma mayi wa tenanti m'mawa apezeke bwanji? Nthawi imeneyo amakhala ali pa nazale ndi kheni, kuthirira mbande za fodya, ndipo mbande sizimva zoti lero ndi Sabata. Tiana tawo tinkangobwera kudzasuzumira pa mpanda anzawo akuimba.

"Amayi awo ndi aulesi," ankatero a Feggie. "Ngakhale pa Tsiku la Anakubala munawaonapo?"

Apa mpamene a Fainess anayamba zopita kudambo, kumene kuli nazaleyo. Ankanyamula nawo kheni ndi Agnesi, mayi wa tenanti wa ana atatu, uku akucheza. Anapeza kuti dzuwa likakwera kuthirira kumaima mpaka litapendeka, ndipo masana amayiwa amakhala ndi mpata. Anapezanso kuti zigafa mwezi wa Okutobala zimangogona mbuzi. Za denga zija, ankafunsa a Tobias ngati silingagwere ana.

Pa 15 Okutobala, lomwe ndi Tsiku la Anakubala komanso lokumbutsana kusamba m'manja, a Fainess sanachitire mwambo pabwalo la tchalitchi m'mawa monga mwa masiku onse. Anadikira dzuwa lifike paliwombo, nafoletsa ana ndi amayi awo, ulendo wa ku esiteti. Amayiwo sanavute. Aliyense ankafuna kukaona chibwenzicho ndi maso ake. A Feggie anatsogola, atanena kale kuti lero mlezi uyu achotsedwa. Ine ndinatsatira pambuyo ngati mboni yosaitanidwa.

Tinapeza chigafa chasesedwa, pakhomo pali mpondagiya, kachigubu kaja kosambira m'manja kopondera ndi phazi. A Tobias anali poteropo ndi akazi awo, mayi wamkulu thupi woti chibwenzi chingathawe chokha.

"A Feggie, khalani apa," anatero a Fainess. "Lero mwana aliyense asambitsa amake m'manja."

Ana a m'mudzi anayamba, aliyense kuponda, kupaka sopo, n'kunena kuti zikomo amayi. Kenaka a Fainess anaitana Lonjezo, kamtsikana ka Agnesi ka zaka zinayi, kamene kanali kasanapondepo m'kalasi. Agnesi anatambasula manja. Anali ong'aluka, zikhatho zili matuza okhaokha a kheni. Kamwanako kanaponda mpondagiya, kanasambitsa chala chimodzichimodzi, kenaka kanayamba nyimbo ya zilembo, yonse mpaka kumapeto, imene kanaiphunzira pa mpanda paja.

A Feggie anayang'ana manja a Agnesi, n'kuyang'ana awo.

"Mwanayu wamuphunzitsa ndani?"

"Mpanda wanu, amayi," anayankha Agnesi.

Anthu anafa nacho chiseko. A Fainess sanadikire kuti chizizire. "Apampando, amayiwa m'mawa sangaphike. Koma masana angathe kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kutsuka miphika ya mawa lake. Ife tiziphika, iwo azitikonzera. Lamulo lathyoka pati?"

A Feggie anakonza duku lomwe linali lokonzakonza kale. "Nkhunizo zikhale zouma," anatero.

Nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Amuna a ku Phalombe anatulutsa ng'oma za tchopa, amayi athu anayankha ndi chimtali, ndipo a Feggie, amene anabwera kudzachotsa munthu, anatuluka m'bwalo thukuta lili kamukamu. Dzuwa litapendeka, amayi ena a m'mudzi anatsikira nawo ku nazale kukathandiza kuthirira. Lolemba lake Lonjezo ndi anzake analowera pakhomo, osati pa mpanda, ndipo mpaka lero akuphunzira.

Tsiku lina ndinakumana nawo a Fainess pa mjigo, ndinati ndiwayese.

"A Kalendala, nanga tsiku la a Tobias limakhala mwezi uti?"

Anatula chidebe, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

"A Yobu, ine ndimapukuta mamina ana a mudzi wonse, ndikafika kunyumba ndimapezanso wandevu akudikira phala. Wachiwiri ndimutengerenji? Ndinkafuna chigafa, ndipo ndinachipeza. Tandisenzetsani."