Tsiku limene mwana wanga anasadzula nkhwani kusukulu

Kunyumba kwathu ku Mayville, m'dziko la eni kuno, mwana wanga wamkazi ankalongolola ngati wailesi, koma akangolowa pageti la sukulu pakamwa pankatsekeka. Tinkamuuza kuti Chichewa n'cha m'nyumba, poti kunjaku ena akamva chilankhulo chachilendo amakuyang'ana ndi diso lofiira. Iye anangosiyiratu kulankhula kusukuluko, Chizulu ndi Chingerezi chomwe. Chaka chinali kutha, ndipo aphunzitsi ake, mayi wachizulu, anali atandiuza mosapita m'mbali kuti mwana wosayankha m'kalasi abwereza Giredi 1. Zinkandiwawa zedi, chifukwa ndinkadziwa kuti mutu wake umagwira.

Tsiku lina ndikusita zovala za abwana anga ku Overport, foni inalira. Anali aphunzitsi aja. "Mama, bwerani mudzaone zimene mwana wanu akuchita kudimba." Ndinakwera takisi mtima uli m'mwamba, ndikukonzeratu mawu opepesera.

Sukuluyo inali ndi kadimba kuseri kwa makalasi. Aphunzitsiwa sankafuna kuti ana azingouma pamipando, choncho aliyense anali ndi phando lake loti adzale, azithirira, aziwerenga masamba ndi zala. Kalasi yonse inadzala maungu, ndipo ana am'tauni aja ankangodikira dzungu basi. Wangayu ataona masamba anthete akukula pachabe, anachita zomwe amandiona ndikuchita. Anawathyola, n'kukhala pansi kuyamba kusadzula, kuchotsa timinga ndi ulusi wa kuphesi.

Anzake anakuwa kuti waononga mbewu. Aphunzitsi sanamukalipire. Anakhala naye pansi, siketi pafumbi, n'kumuuza kuti kumudzi kwawo masambawa amadyanso, koma manja awo anaiwala kakonzedwe kake. Anamupempha kuti awakumbutse.

Izi aphunzitsi anandifotokozera pambuyo pake. Chimene ndinaona pofika ndi ana atakhala mozungulira, aliyense tsamba lili m'manja, ndipo pakati pawo panali mwana wanga, wosalankhula uja, akukalipira mnzake m'Chizulu kuti asathyole phesi, agwire bwino n'kukoka pang'onopang'ono.

"Hhayi wena! Bamba la, udonse kancane. Slowly!"

Mayo ine! Mawu ake ankamveka mpaka kumpanda. Ankayenda uku ndi uku, kugwira zala za anzake, kuwerengetsa masamba omwe atha, ngati nyakwawa yeniyeni. Ndinafuna kululutira pomwepo, koma ndinangogwira pakamwa, misozi ili chuchuchu.

Atandiona anakweza tsamba m'mwamba n'kufuula m'Chichewa, pamaso pa onse. "Amama, taonani! Anthu onsewa sadziwa kusadzula nkhwani!"

Ndinayang'ana uku ndi uku, koma palibe anakwinya nkhope. Ana anali kalikiliki ndi masamba awo. Aphunzitsi anadzuka, kusasa fumbi, n'kubwera pamene ndinaima.

"Mama, uyu ndi wa Giredi 2," anatero akuseka. "Eish, kungoti tsopano mundithandize, ndizimutontholetsa bwanji?"