Chilankhulo cha Telala ndi Mkazi Wake

Pali telala wina amene wakhala pakhonde la sitolo imodzimodzi zaka makumi atatu ndi zisanu, iye pa makina, mkazi wake pa simbi. Si munthu wa nkhani zambiri. Koma awiriwo anali ndi chilankhulo chawochawo, chimene anachipanga atangokwatirana kuti azinena kasitomala mwiniwake ali pomwepo.

Chinali ndi malamulo ake. Chinthu chimayamba, munthu n'kutsatira, chochitika n'kubwera kumapeto. Pokana, mawu omalizawo amanenedwa kawiri. Zakale amaziyamba ndi "ro". Ana awo ankangoti makolowo akung'ung'udza nyimbo, mapini ali kukamwa.

Chaka chatha mayiyo anagwa ndi sitiroko akusita. Masiku awiri oyamba telala ankamupeza ali mtulo. Tsiku lachitatu analowa m'wodi n'kupeza mwana wake wamkazi atagwira pepala ndi cholembera, dokotala ataima pambali.

"Bambo, amayi adzuka, koma mutu wasokonekera. Akungobwebweta. Adokotala akuti tiwatumize kuchipatala cha amisala."

"Misala yanji?"

"Tamvani nokha."

Mayiyo anatembenuza maso, pakamwa patapotoka. "Ro dumi seke fola fola."

Telala anasendera pafupi. Anagwira chitsulo cha bedi. Mawu onse a tsiku ndi tsiku anali atamuthawa mkazi wake, n'kutsala awa okha, amene amawamva ndi munthu mmodzi padziko lonse.

"Akuti nesi sanamupatse mankhwala," anatero telala.

Dokotala anayang'ana khadi lolendewera kumiyendo kwa bedi. Anayang'ananso kachiwiri, n'kuitana nesi mokweza.

"Mufunseni ana ake ndi angati," anatero dokotalayo atatembenukira kwa telala.

Telala anafunsa. Mayiyo anayankha motalika.

"Akuti anayi. Akutinso kolala ya malaya anuwo anaisoka mokhota."

Dokotala anagwira khosi.

Mwana uja anaika manja kumutu. "Zaka zonsezi, bambo? Ndiye tsiku lija ndinabwera ndi bambo a ana anga kudzawaonetsa, inu n'kumang'ung'udza..."

"Tinkanena za nsapato zake."

"Nsapato zokha?"

"Ndi makutu."

"Mayo ine!"

Dokotala anatenga pepala lija n'kulipinda. "Kwa amisala sapita. Koma pakufunika munthu wowamva nthawi zonse, ndipo mwamuna sagona m'wodi ya amayi. Belu likalira mutuluka, bambo."

Telala anayang'ana wotchi ya pakhoma. Kunatsala mphindi makumi awiri. Chilankhulo chimenecho sanachilembepo, ndipo iye ndi mkazi wake anali atalumbirirana kuti sadzauza munthu. Anafunsa mkazi wake ndi mawu atatu. Mayiyo anamuyang'ana mwana wakeyo nthawi yaitali, kenaka anagwedeza mutu kuvomera.

Telala analanda cholembera chija, napempha pepala kwa nesi.

"Pukuta misozi, mwananga, khala apa. Tiyamba ndi mawu oti madzi, ululu ndi chimbudzi."