Ulendo wokalanda mawu a amayi ku Chinhoyi

Ndinachoka pakomboni Lachisanu mbandakucha nditavala yunifolomu, ngati mwana wabwino wa Fomu 3 wopita kusukulu. M'chikwama munalibe buku ngakhale limodzi. Munali chitini cha majarini chobooleza pachivindikiro, ndipo mkati mwake munali bilimankhwe amene ndinatola pampanda wa tchalitchi. Ndinkasungira aphunzitsi a masamu. Aziyamika Mulungu wawo.

Chimene chinandinyamula ndi ichi. Amayi anga amasankha fodya pafamu ina kufupi ndi Trelawney. Foromani Mabhande akangotuluka mushedi, azimayi amayimba kanyimbo kawo kofotokoza kumene dizilo wa mzungu amathera, dzina la foromaniyo lili momwemo, ndipo otsogolera ndi amayi anga. Paukwati wina kunabwera mnyamata wa disko wa ku Chinhoyi, Mukoma Tendai. Anapeza azimayi atakondwa, amalume Zuze akukhwacha banjo yawo ya chitini, iye n'kujambula zonse pakaseti. Akuti chikumbutso chabe. Ndiye a Bizeki, oyendetsa lole ya pafamu, anabwera ndi uthenga: nyimbo ija aimva pashopu pa Mukoma Tendai, waiika kiyibodi ndi ng'oma zamagetsi, ndipo Loweruka adzaiyimba kubhawa kwathu, komwera mowa kuja, pa disko ya mapeto a mwezi. Foromani amakhala mpando wakutsogolo. Pafamu ntchito ikatha, nyumba yathanso, ndipo ku Tete amayi anachokako ali kumsana. Usiku umenewo sanadye. Amalume anangoti tipemphere. Ine kupemphera ndinawasiyira iwo.

A Bizeki ankapita ku Banket kukatenga feteleza. Ndinawaimitsa pageti.

"Iwe Esinati, sukulu inasamukira kuno?"

"Andituma aphunzitsi."

"Bodza lako likununkha kuposa sokosi zanga. Kwera. Koma sindinakuone."

Msewu wafumbi unatisefa ngati ufa mpaka mano kugundana. Mbali zonse minda ya fodya, mabani owumitsiramo fodyayo, nyumba za azungu zili phee kuseri kwa mitengo. Ndinkangoyang'ana ndikufufuma. Dziko lonseli lalikulu chonchi, koma amayi anga alibe poyimbira momasuka.

Ku Banket ndinafika dzuwa litayamba kuluma. Basi yochokera ku Harare inali yodzaza mpaka pakhomo, ndipo kondakitala anafuna madola anayi. Ndinamuuza kuti ndine mwana wasukulu wamasiye, anandiyang'ana masaya n'kunena kuti amasiye sanenepa chonchi. Ndinalipira atatu. Ndinadzipanikiza pafupi ndi gogo wina wonyamula nkhuku, amene anayamba kusuzumira chitini changa.

"Chii chirimo, muzukuru?" Akufuna kudziwa zamkatimo.

"Ndiwo, gogo."

"Ndiwo dzinofamba?" Akuti ndiwo zanji zoyenda.

"Zikadali zaziwisi."

Anasendeza nkhuku yake kutali, ine n'kupeza malo otambasula miyendo.

Ku Chinhoyi ndinagula maputi, mbuliwuli za kumeneko, ndi firiziti yofiira pa renki ya mabasi, n'kufunsa kwa Mukoma Tendai. Kufunsako kunali kotaya nthawi. Shopu yake yokonzera mawailesi inali kuseri kwa chigayo, ndipo phokoso lake linkagonjetsa chigayocho. Ndinamupeza atavala magalasi akuda m'chipinda chamdima, mawaya ali paliponse ngati mizu ya mbatata.

Ndinayamba ndi kumutama. Anyamata oterewa ukawatama amatsegula chilichonse. Ndinati mbiri ya nyimbo yake yafika mpaka kusukulu kwathu. Anaseka, n'kundionetsa makaseti awiri muwailesi ya zitseko ziwiri: ya kuukwati ija ndi yatsopano. Sanakopere wina aliyense, akuti akufuna idzaphulikire kwathu komweko. Kenaka anadina.

Inayamba ndi banjo ya amalume yokhayokha, kulira kwake kwa waya wa buleki kuja. Kenaka pansi pake panalowa ng'oma ya makina, du du du, yosatopa ngati injini ya pampu, kiyibodi n'kumazungulira pamwamba. Ndiye amayi. Mawu amene ndinazolowera kumva akunong'ona pakati pa masamba a fodya anatuluka m'zimkuzamawu zazitali ngati ine, ali mbee, atadzaza chipinda chonse. Phazi langa linayamba kugunda pansi lokha. Ndinaliponda ndi linzake. Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti chitsirucho chinali ndi luso. Koma pofika pa dzina anali atalidula n'kulibwereza: Mabhande, Mabha, Mabha, Mabhande, kuti ngakhale wogontha avine.

Ndinamuuza zoona. Ndinati amene akuyimbawo ndi amayi anga, achotse dzinalo basi, zinazo asiye.

"Sisi, dzinalo ndiye nyimbo. Vanhu vanoda izvozvo." Akuti anthu amakonda zomwezo.

"Awachotsa ntchito."

"Adzatchuka! Mudzandithokoza."

"Kutchukako tidzagona m'kati mwake? Munapempha ndani?"

"Ndiwe loya here, kasikana?" Anandigwira tsaya. Tsaya langa! Iye Loweruka adzalongedza mawaya ake n'kubwerera kutauni, ife n'kutsala ndi mphasa pamsewu, ndiye akundigwira tsaya.

Ndinamwetulira. Ndinapempha kuti andiphunzitseko kiyibodi pang'ono, ndipo pamene ankawerama kulumikiza waya, ndinatsegula chitini. Mnzanga uja anatsika mwaulemu wake, phazi limodzi, kuganiza, phazi lina, mpaka pakati pa mabatani oyera. Mukoma Tendai atadzuka anakumana naye maso ndi maso, kapena ndinene diso limodzi, poti linalo linkayang'ana ine.

"Maiwe! Rwaivhi! Ndaroyiwa!" Akuti bilimankhwe, amulodza.

Munthu wamkulu, wa ndevu, analumpha chimkuzamawu osachikhudza. Magalasi anatsalira pakhomo. Panja ankaitana amuna a kuchigayo, koma aliyense atamva chimene chili mkatimo anakumbuka kuti ali ndi ntchito. Ine ndinatsegula zitseko zonse ziwiri, kaseti iyi m'sokosi iyi, inayo m'sokosi inayo, n'kutuluka ndikukuwa kuposa iye. Mayi wina mpaka anandisisita kumsana kuti ndisaope.

Basi ya masana yobwerera ku Banket inali ndi mpando wapawindo. Ndinkafunitsitsa kupita nayo kunyumba kaseti yatsopanoyo. Koma pakomboni makoma ndi a udzu, wailesi ya kaseti ndi yobwereka, ndipo mwini wake amamwa ndi foromani. Titadutsa mlatho ndinakola riboni yake ndi chala n'kuiponyera kunja. Mphepo inachita zotsalazo. Inauluka m'mbali mwa basi, yaitali, yonyezimira, kukakodwa m'minga za mpanda wa famu ya munthu wina. Ya kuukwati ija nayonso inatsatira. Kondakitala anati ndine wamisala. Ndinamuuza kuti ayang'ane matikiti ake.

Kuchokera ku Banket ndinakwera ngolo ya thirakitala, kwinako wapansi. Ndinafika nyali zikuyatsidwa, amayi ali pakhomo ndi kamtengo m'manja, poti aphunzitsi anali atatuma kale mwana kudzandifunsa. Ndinatulutsa zigoba ziwiri zija m'sokosi n'kufotokoza zonse. Anandifunsa ngati mnyamatayo sadzanena. Ndinati akanene kuti chiyani, kuti ankafuna kuvinitsa foromani pa dzina lake lomwe? Kamtengo kanatsika. Anatenga chigoba chimodzi, kuchitembenuza, kusuzumira m'mabowo ake.

"Ndiye unandimva?"

"Ndinakumvani."

"Ndimamveka bwanji?"

Amayi anga ayimba moyo wawo wonse, koma sanadzimvepo. Ndinawauza kuti chigayo chinachita manyazi. Anaseka atagwira pakamwa kuti oyandikana nawo asamve.

Za bilimankhwe sindipepesa, za makaseti sindipepesa, ndipo zikwapu za Lolemba kusukulu ndinazilandira ndikuseka. Chimene ndinaphunzira n'chakuti pafamu pano munthu akhoza kukhala ndi mawu odzaza tauni yonse, koma kuti agone m'nyumba, mwana wake yemwe ayenera kukawataya pawindo la basi. Zimenezo ndiye sindinakhululukire aliyense.